Usanakwere Minibasi, Pita kwa Amalume Ako

Takondwa mwana wanga,

Ndakhala pakhonde pano dzuwa likadalipo, pepala pabondo, chifukwa kulankhula nawe pakamwa kwakanika. Kuyambira Loweruka, ndikangoti "amalume ako," iwe umadzuka n'kukayamba kutsuka mbale zotsukatsuka. Chabwino. Kalatayi ndiiika pamwamba pa sutikesi yako, ndipo uiwerenge lero lomwe ukabwerako ku Mua kumene wapita kukatenga chikalata cha kuchipatala chija akuchifuna ku koleji. Usati ukaiwerengera mu minibasi. Mu minibasi zidzakhala zitawonongeka kale.

Nkhani ndi imodzi basi. Mawa ukunyamuka kupita ku koleji ya uphunzitsi, ndipo walumbira kuti upita osatsanzika amalume ako a Lufeyo. Iwonso atumiza mawu, andipeza dzulo: ukakwera galimoto osapondako pakhomo pawo, usadzawatchulenso malume, ndipo tsiku limene udzapeze banja ukafune nkhoswe kwina. Achimwene anga ndimawadziwa, sanena kawiri. Iwenso ndimakudziwa, kuuma mutu kumeneku unatengera iwo omwewo. Ine ndili pakati panu, ndipo ndatopa nanu nonse awiri.

Ndilembe kaye zimene zinachitika monga ndinazionera ine ndili patebulo lolembera zigoli, kuti tisatsutsane. Inali fainolo ya basiketibolo ya atsikana a m'zoni yathu, athu a kuno ku Mtakataka ndi a ku Golomoti. Refa wamkulu unali iwe, koyamba kupatsidwa fainolo. Kochi wa athu anali amalume ako. Patatsala masekondi ochepa, athu ali m'mbuyo ndi pointi imodzi, Zainabu, mtsikana wa nambala seveni uja, mwana wa asodzi a kunyanja, analanda mpira n'kuthamanga nawo cham'mbali mwa bwalo. Anaponya, unalowa. Anthu anadumpha, azimayi n'kuyamba nthungululu. Koma iwe unali utaimba kale wezulo: waponda mzere, chigoli palibe.

Amalume ako analowa m'bwalo mpaka pakati. Sanakuitane kuti refa, anakuitana dzina la pakhomo.

"Iwe Takondwa! Maso ako ali kuti? Mpirawu ndinakuphunzitsa ndine!"

Iwe unati, "A kochi, bwererani pabenchi."

Pamenepo ndi pamene panayaka moto. "A kochi? Ine a kochi? Ukulankhula ndi ine uli chiimire, manja m'chiuno?"

Manja sanali m'chiuno, ndikuchitira umboni, anali kumbuyo. Unawapatsa tekiniko, chilango chija timapatsa kochi pakamwa pake pakapyola malire. Anapitiriza kukuwa. Unawapatsa yachiwiri, ndipo malamulo amati ikakwana yachiwiri munthu atuluke. Anatuluka ana asukulu akuwakuwiza, munthu waimvi. A ku Golomoti anaponya mipira yawo yaulere n'kunyamula chikho. Kunyumba kuno unaponya nsapato pakona n'kunena kuti munthu amene wakunyoza pagulu choncho sukufunanso kumuona. Ndi zomwezo, eti?

Tsono mvera. Ndiyamba ndi pamene unakhoza, kuti usaganize kuti ndakhalira mbali ya mlongo wanga.

Chaka changa choyamba kugwira wezulo ndinali mtsikana ngati iweyo, nditangoyamba kumene kuphunzitsa. Nthawi imeneyo bwalo linali ladothi, mizere tinkathira phulusa, ringi inali limu ya njinga yokhomera pathabwa. Kochi wa timu ina anali a Mwale, ahedi amene anandiphunzitsa ine sitandade eyiti. Nditaimba faulo ina, anandikodola ndi chala. Ndinapita. Takondwa, sindinaganize n'komwe. Maondo anangopinda okha monga anazolowera kuyambira ndili mwana. Ndinangopezeka ndagwada pafumbi, wezulo lende pakhosi, ndikufotokozera munthu za faulo uku ndikuyang'ana nsapato zake. Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Mnyamata wina anakuwa kuti, "Apatseniko madzi osamba m'manja!" Kuyambira mphindi imeneyo masewero sanalinso m'manja mwanga. Kochi uyu akakuwa ndinkaimbira uku, winayo akakuwa ndinkaimbira uko. Ana anaona kuti palibe wowaletsa, anayamba kugwiritsa ntchito zigongono, ndipo mtsikana mmodzi anapita kwawo dzino lakutsogolo lili m'manja. Lolemba amayi ake anabwera nalo kusukulu atalikulunga m'kapepala, n'kuliika patebulo panga.

Ndiye Loweruka, pamene unakana kugwada, mumtima ndinati ameneyo ndiye mwana wanga. Pabwalo usadzagwadire munthu, kaya ndi malume, kaya ndi ahedi, kaya abusa, kaya ashehe. Si mwano umenewo. Ana khumi aja akuthamanga pasimenti, ndipo chimene chimawaletsa kuthyolana ndi kudziwa kuti pali munthu mmodzi amene sakokedwa ndi aliyense. Kochi akalowa m'bwalo, atuluke. Pamenepo unakhoza, ndipo ndidzanena zomwezo pamaso pa achimwene. Koma bwalo limathera pamzere, mwana wanga. Pakhomo pa amalume ako si pabwalo, ndipo mawa upiteko.

Manyazi a tsiku lija anandiwononga mbali ina, ndipo ndi mbali imeneyi imene ndikukuopera. Ndinalumbira kuti sindidzasekedwanso, ndiye ndinasanduka chilombo. Kochi akangotsegula pakamwa, tekiniko. Anafika ponditcha Mayi Tekiniko kuyambira ku Mua mpaka ku Golomoti, ine n'kumanyadira, chitsiru ine. Tsiku lina mu Okutobala, kutentha kwa kuno ukukudziwa, simenti ikuotcha mpaka kudzera m'nsapato, kochi wina wachinyamata anayamba kukuwa: "Refa! Refa! Imitsani!" Ine ndinangomva phokoso. Ndinati wayambapo, n'kumupatsa tekiniko osacheuka n'komwe. Anakuwanso, ndinamutulutsa. Ndikumulozera kugeti, ndinamva phii kumbuyo kwanga, mwana wagwa. Mtsikana wa timu yake anali ndi mphumu, ndipo iye anali ataona kale kuti mwanayo akubanika, akuyenda modzandira. Munthu ankandiuza kuti mwana akufa, ine ndili kalikiliki kuteteza ulemu wanga. Tinamukweza panjinga mpaka kuchipatala ku Mua, ine ndikuthamanga pambali nditagwira miyendo yake kuti isalowe m'sipoko. Anachira, tithokoze Mulungu. Kochi uja sanandinenepo chilichonse, ndipo mpaka lero ndikakumana naye pamsika wa Golomoti ndimasowa poyang'ana.

Choncho kochi akamakuwa, mvera mawu amene ali mkati mwa phokosolo. Ena akufunsa funso, kungoti akufunsa mokalipa. Ameneyo muyankhe mwachidule, "Nambala faivi wagunda mkono," n'kupitiriza ntchito. Usayambe kuphunzitsa malamulo pakati pa masewero, si kalasi. Ena akungotulutsa mpweya chifukwa timu ikugonja ndipo makolo akuwayang'ana, ameneyo musiye, atopa yekha. Ena akunyoza iwe kapena akunyoza mwana, amenewo ndiye a tekiniko, ndipo usachite kuwaopseza katatu. Ukamalankhula ndi kochi chotsa wezulo pakamwa, ima pambali pake nonse mukuyang'ana bwalo, osati maso ndi maso ngati atambala. Ndipo ena, Takondwa, amakuwa moipa, ndi mawu oipa, pamalo olakwika, koma chimene akunenacho n'choona.

Palinso kachinthu kena koseketsa, koma kanandiphunzitsa. Tsiku lina minibasi inachedwa, ndipo kochi wa timu imene inkasewera tsikulo anandipeza pasiteji ali panjinga yamoto. Anati, "Madamu, kwerani, tichedwa tonse." Ndinakwera. Ndinafika pabwalo nditagwira jekete lake, anthu onse akuona. Tsiku limenelo ndinaimba bwino kuposa masiku onse, koma ndani anakhulupirira? Faulo iliyonse ya timu inayo anthu ankakuwa kuti, "Imeneyo ndi ya njinga!" Ku koleji ukakapatsidwa masewero, yenda wapansi ngati palibe china. Nsomba ya kochi usadye tsiku la masewero, ngakhale utamva njala yotani. Ndipo masewero akatha, usamatsegule foni kuwerenga zimene akulemba m'magulu a pafoni aja. Ndakuona Lamlungu lonse uli nayo kumaso, ukuwerenga chipongwe cha anthu amene sanagwirepo wezulo chibadwire.

Tsopano khala pansi, chifukwa chimene ndikulembachi chikupweteka.

Zainabu sanaponde mzere.

Ukuudziwa mng'alu uja wa m'simenti, umene umayenda motsatana ndi mzere wa mbali ya kumsewu, chamkati mwa bwalo, kutalikirana ngati chikhatho chimodzi? Penti ya mzere weniweniwo inafufutika ndi mvula, ndipo Loweruka mphepo inali itaunjika fumbi pamenepo. Ife akale timaudziwa mng'alu umenewo, unatipusitsapo tonse. Iwe unali kumbuyo kwa mwanayo, ukuthamanga, dzuwa kumaso. Ine ndinakhala molunjika ndi mzerewo, maso anga ali pomwepo. Phazi lake linagwera pamng'alu. Mzere sanaukhudze n'komwe. Chigoli chija chinali chabwinobwino, ndipo chikho chija chinali cha atsikana a amalume ako.

Usang'ambe pepalali. Puma kaye, ukamwe madzi, ubwerenso.

Kulakwa kwina n'kwanga, ndipo ndikuvomera. Ndinkadziwa za mng'aluwo, ndipo ndinayenera kukutenga m'mawa uja tizungulire bwalo lonse, ndikuonetse, tisese fumbi, tilembepo ndi choko. M'malo mwake ndinatanganidwa ndi mipando ya alendo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ena kuti refa ayambe wayenda pamzere uliwonse ndi mapazi ake masewero asanayambe, ndiye tsiku la mwana wanga ndinaiwala. Kulikonse kumene udzaimbire, fika msanga, yenda pamizere, gwedeza mapolo, ufunse eni bwalo kuti pali potani ndi potani. Bwalo lililonse lili ndi bodza lake limene eni ake okha amalidziwa.

Ungandifunse kuti nanga bwanji sindinanene pomwepo. Munthu wa patebulo alibe mawu pa za mzere, malamulo ndi omwewo, ndipo ndikanaimirira n'kukutsutsa pagulu ndikanachita choipa kuposa amalume ako. Pabwalo ndinakhala chete moyenera. Koma kunyumba kuno ndakhala chete masiku asanu chifukwa cha mantha chabe. Ndinkakuona ukulongedza, ukusita mayunifomu ako a urefa monyadira, ndiye ndinkati ndinena mawa, ndinena mawa. Mawa lake lakwana, ndipo ndachita manyazi.

Usati kulakwitsa kumeneku kwakuchotsa pa urefa. Palibe amene anagwirapo wezulo osalakwitsa, ndipo udzalakwitsanso, mwina chaka chino chomwe. Chimene usadzachite ndi kukonza cholakwa ndi cholakwa china. Ine ndinayesapo. Nditazindikira kuti ndalakwira timu ina, ndinati ndiwasangalatse, n'kupeka faulo kwa mtsikana wa timu inayo amene sanakhudze munthu. Inali faulo yake yachisanu, anatuluka akulira, akuyang'ana manja ake. Pamenepo olakwiridwa anakhala awiri, ndipo makochi onse awiri anadziwa chimene ndachita. Ukalakwitsa, masewero apitirire mwachilungamo kuyambira pamenepo. Zigoli za Loweruka sizisintha, chikho chili ku Golomoti ndipo chikhala komweko, ana akumeneko sanabe kanthu. Chimene chatsala ndi pakamwa pako.

Ndipo apa ndi pamene ine ndinagwa kwambiri, pa mlongo wanga yemweyu. Iwe unali wamng'ono, sungakumbukire bwino. Ndinaimbira masewero a timu yawo, ndipo ndinakana chigoli chawo ndikuti nthawi inali itatha. Ndili m'njira kubwerera kunyumba, mphunzitsi amene ankagwira wotchi anandinong'oneza kuti mpira unachoka m'manja belu lisanalire. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti achimwene ankanena zoona. Koma anali atanditukwana pagulu, ananditcha wakhungu, ndiye ndinati ayambe iwo kupepesa. Iwonso anati ndiyambe ine. Zaka ziwiri, Takondwa! Zaka ziwiri tikudutsana pamsika ngati anthu achilendo, kutchalitchi wina uku wina uko. Agogo ako anadwala m'kati mwa zaka zimenezo. Tinkasinthana powadwazika, wina akalowa wina n'kutuluka. Tsiku lina amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Kodi mpira umenewu ndi umene undilande ana?" Ndinati tikambirana, amayi, musadandaule. Sitinakambirane. Anamwalira ife tisakulankhulana, ndipo pamaliro pa mayi athu otibala tinkatumizirana mawu kudzera mwa anthu ena, za bokosi, za manda, zonse. Patapita mwezi ndinapita kukawauza mawu atatu okha, "Achimwene, ndinalakwitsa ndine." Anati, "Ndinkadziwa." Tinalira tonse. Mawu amenewo ndikanawanena tsiku loyamba lija, amayi akanatiwona tikudyera mbale imodzi.

Ndiye ndikamakuona ukumanga nkhope chimodzimodzi, ndimachita mantha enieni. Iwe ukuti ndi nkhani ya sabata imodzi. Inenso ndinkatero. Ukapita ku koleji osatsanzika, holide yoyamba udzachita manyazi kupitako, yachiwiri udzati papita nthawi, yachitatu mudzakhala mutazolowera. Amalume ako ali ndi BP, ukudziwa. Sindikukuopseza, ndikungokuuza zimene ndinaziona ndi maso angawa. Pita kwa amalume ako.

Ndipo uwaganizireko pang'ono amalume ako amene unawatulutsa m'bwalowa. Sindikuwaikira kumbuyo, analakwa, ndipo pakamwa pawo ndi poipa kuyambira kale. Koma timu ija anaiyamba okha. Makolo a kunyanja sankafuna kumva za ana aakazi kuthamanga pagulu. Achimwene anayenda khomo ndi khomo, kukhala pamkeka ndi abambo a anawo, kulonjeza kuti adzavala mathalauza aatali mkati ndi mipango kumutu, kuti Lachisanu masana, nthawi ya ku mzikiti, sikudzakhala mpira, kuti adzawaperekeza okha dzuwa lisanalowe. Kwa bambo ake a Zainabu anapitako kanayi. Zaka zitatu akupopa mpira umodzi womwewo ndi pampu ya njinga. Loweruka linali tsiku loti aonetse makolo aja kuti sanawanamize. Mpira unalowa, anauona ukulowa, ndipo amene anaukana ndi iweyo, mwana amene anamulera okha bambo ako atamwalira, amene anamukhomera ringi yoyamba pamtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba. Munthu angapenge ndithu.

Ukakafika kumeneko uchite chonchi. Vala chitenje. Usaime pageti n'kumakuwa odi ngati wogulitsa tomato, lowa mpaka pakhonde. Kumeneko ugwade, chifukwa kumeneko ndi malume ako, mwini mbumba, si kochi. Usayambe ndi "koma inunso." Yamba ndi chako: "Malume, mzere uja ndinalakwitsa. Zainabu sanaponde. Pepani." Ukatero khala chete. Adzalankhula zambiri, adzakumbutsa za matewera ako omwe, asiye amalize. Kenako adzakufunsa, ndikuwadziwa, adzati, "Ndiye unandithamangitsiranji ngati galu?" Pamenepo usabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono. Uwauze uli chigwadire, ndi mawu otsika: "Malume, mzere ndinalakwitsa ine. Kulowa m'bwalo munalakwa inu, ndipo mutalowanso ndingakutulutseninso." Zinthu ziwirizi usazisakanize, ndipo usagulitse chimodzi kuti ugule chinzake. Mwina adzakwiya. Mwina adzaseka, pakuti mawu amenewo ndi awo omwe, ndi mmene anakuphunzitsira. Sindikulonjeza kuti zidzatha bwino mawa lomwelo. Koma udzakhala utatsanzika, ndipo khomo lidzakhala lotsegula.

Lipoti lako la ku komiti ya masewero ndaliona lili m'chikwama, sunapereke. Ulembemo zonse ziwiri, za mng'alu ndi za matekiniko, ndi dzanja lako. Uwapemphe apente mzere uja asanaikeponso masewero ena. Refa amene amalemba yekha cholakwa chake anthu amamukhulupirira akadzanena kuti sanalakwe. Ndikudziwa kuti ukuopa kuti akakuseka, akati fainolo yoyamba yomwe wagwa nayo. Akuseka ndithu, sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo iwe udzakhala uli kutali.

Mwina ukudabwa kuti bwanji ndalimba mtima lero, nditakhala chete masiku onsewa. Sindinalimbe mtima ndekha. Masana ano, iwe utangonyamuka kupita ku Mua, ndinamva odi wapansipansi. Anali Zainabu, beseni la usipa pamutu, ngati akugulitsa. Koma sanatchule mtengo. Anangoima pamenepo, akukanda pansi ndi chala chakuphazi. Ndinamufunsa ngati akupita ku mpira madzulo ano. Anati ayi, sanapiteko kuyambira Loweruka. Anzake sakumulankhula, akuti anawadyetsa chikho ndi mapazi ake aakuluwo. Bambo ake amuuza kuti waona, wachititsa manyazi a kochi mpaka athamangitsidwa chifukwa cha iwe, mpira watha basi, uzithandiza amako kuyanika nsomba.

Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Madamu, inu munali pafupi. Kodi ndinapondadi?"

Takondwa, ndinaganiza za iwe. Ndikanangoti, "Unaponda pang'ono, mwana wanga, zimachitika," nkhani ikanathera pomwepo. Akanandikhulupirira, pakuti ndine madamu ake. Iwe ukanapita ku koleji dzina lili loyera, ndipo kalata ino sindikanalemba mbali yowawayi. Mawuwo anafika mpaka pamilomo, Mulungu ndi mboni. Koma mwanayo anali atayamba kale kuvomereza mlandu umene si wake, ndipo ndinaona kuti ndikanama ausenza moyo wake wonse.

Ndinati, "Sunaponde. Chigoli chako chinali chabwino."

Anatula beseni pansi, anakhala pasitepe, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Ndinamusiya alire. Atapukuta m'maso ndi mpango wake anafunsa kuti, "Nanga a refa akudziwa?"

Ndinati, "Adziwa lero."

Ndamupempha chinthu chimodzi, kuti asauze munthu aliyense mpaka mawa eyiti koloko m'mawa. Analumbira kuti, "Wallahi, madamu, sindinena." Ndikumukhulupirira. Koma kupyola pamenepo sindingamutseke pakamwa, ndipo sindiyenera kutero. Ali ndi bambo ake oti awauze, ali ndi anzake oti awauze. Ikamakwana naini, Mtakataka yense adzakhala atamva kuti refa analakwitsa, ndipo amene wanena ndi mayi ake omubala. Amalume ako adzamva. Chimene sindikudziwa n'chakuti adzamva kwa ndani, kwa iwe utagwada pakhonde pawo, kapena kwa anthu a pamsika iwe uli mu minibasi kupyola Golomoti. Akamva kwa anthu, adzati unadziwa n'kuthawa, ndipo palibe chimene ndingadzanene choti awasinthe maganizo.

Ukhoza kundikwiyira, ndipo uli ndi chifukwa. Ndaika mwana wa eni patsogolo pa mwana wanga, tsiku lako lomaliza pakhomo pano. Ndinkafuna madzulo ano tiphe nkhuku, tiseke, ndikuuze za kusamala zovala ndi za anyamata a ku koleji monga amachitira amayi ena. M'malo mwake ndakupatsa izi. Pepa, mwana wanga. Koma nditafunsidwanso ndingayankhe chimodzimodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti iwenso, akanakufunsa iweyo maso ndi maso utadziwa zimene ukudziwa tsopanozi, sukanamunamiza.

Mawa ndidzadzuka sikisi koloko, ndidzavala, ndidzakhala pakhonde pano. Minibasi zimadutsa tsiku lonse, ya seveni ikakusiya ya teni idzakutenga, ku koleji sakakubweza chifukwa cha maola atatu. Ukatuluka n'kukhotera njira ya kwa amalume ako, ndidzakutsata pambuyo, sindidzalankhula kanthu m'njira, ndipo kumeneko ndidzakhala pambali pako mpaka umalize. Pobwerera tidzadzera kunyanja kwa a Zainabu, bambo ake akamve kuchokera pakamwa pa refa. Ukakhotera kumsewu, sindidzakuitana ndipo sindidzakukalipira. Ndidzakusenzera sutikesi mpaka pasiteji, ndidzakukweza, ndidzaima mpaka galimoto itapita, chifukwa ndiwe mwana wanga ngakhale utatani. Kenako ndidzatembenuka n'kupita ndekha kwa achimwene, kukawauza kuti mwana amene analera uja wapita, ndipo mawu amene anayenera kuwauza wawasiyira ine.

Ndikukupempha, Takondwa, usandisiye ndipite ndekha.

Ndine amene ndakupweteka lero ndikudziwa,
Mayi ako.